Juzi mu Okutobala

Sapporo, Japan
16 Epulo 2023

Amake Tamiwe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana komanso asisi Vailet. Ine ndinafika bwino, kungoti chimfine ndicho chinandilandira.

Ndaona kuti zoimbirana foni sizitithandiza. Kuno tili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, ndipo netiweki ya ku Chiparamba mukuidziwa, mpaka munthu akaime pachulu cha kuseri kwa sukulu. Ndiye tizilemberana papepala ngati makolo athu. Mukalemba muzijambula ndi foni, n'kutumiza tsiku limene netiweki yakomera mtima. Inenso ndizitero.

Andipatsa kachipinda kamodzi pansanjika yachinayi. Pawindo ndimaona poimika magalimoto basi. Munthu wa khomo loyandikana nane tikakumana amawerama pang'ono n'kudutsa. Sabata ziwiri tsopano, sindinamve mawu ake.

Tsiku lija pasiteshoni munandifunsa kuti dokotala wa ng'ombe akukaphunziranso chiyani zaka zitatu zathunthu. Ndikuuzani, koma musaseke. Andipatsa makoswe. Oyera, a maso ofiira, makumi anayi. Ali ndi nyumba yawo yoyera kuposa chipatala, ndipo polowamo ndimasintha nsapato ndi kuvala chipewa.

Ndikudziwa kuti sichinthu chopepuka kukusiyani ndi khanda la miyezi iwiri m'nyumba ya mlamu wanu, pamene kwanu ku Mwami ababa anu sakukulankhulani chifukwa munakwatiwa ndi ine mwana wa mpingo. Asisi ndi olimba pakamwa koma mtima wawo ndi wabwino. Muziwapirira.

Ndilembereni zonse, ngakhale za nkhuku.

Ndine wanu,
Gideon


Chiparamba
30 Epulo 2023

Atate ake Tamiwe,

Ndaseka. Munati ndisaseke koma ndaseka mpaka mwana anasiya bere n'kumandiyang'ana. Ulendo wonse uja, ndege zitatu, kukaweta makoswe! Mukananena, ndikanakugwirirani a kusitolo ya ababa, ndi onenepa bwino.

Asisi sanaseke. Akuti mbewa akanamvetsa poti anthu a kwanu mumadya, koma khoswe ayi. Kutchalitchi akuuza anthu kuti mukuphunzira zamankhwala, ndipo andilangiza kuti nanenso ndiziyankha choncho.

Ife tili bwino. Tamiwe wayamba kumwetulira, makamaka akamva makina osokera akulira. Ndawaika pakhonde, pamene pamafika dzuwa lam'mawa. Makolo a ana apasukulu pano amva kuti mlamu wa aphunzitsi ndi telala, ndiye abweretsa nsalu za mayunifolomu. Mulu wake ukundifika m'chiuno. Ndimasoka mwana ali kumbuyo, mwendo ukupalasa, iye n'kugona.

Idi, chikondwerero chathu cha Asilamu, inadutsa sabata yatha. Ndinaphika mpunga wa nyama, tinadya ndi asisi, iwo anati wakoma koma mafuta achuluka. Ku Mwami palibe anaimba. Achimwene anga Shaban okha ndiwo anatumiza mawu awiri pafoni. Ndinalira pang'ono kubafa, kenako ndinakasoka.

Nthawi yovuta kuno ndi masana ana akaweruka. Bwalo lonse limangoti zii, kumangomveka mbuzi. Ndi pamene ndimakuganizani kwambiri. Kodi mukudya chiyani kumeneko? Juzi labuluu lija munaliiwala pamsomali. Ndalisunga.

Mupereke moni kwa makoswe.

Mwasiti


Sapporo
11 Juni 2023

Amake Tamiwe,

Moni wanu ndinapereka. Zoona, ndimawalankhula Chinyanja, poti kuno palibe wina woti ndilankhule naye. Lamlungu si tsiku langa lowayang'anira, komabe ndimapita.

Munati ndikufotokozereni ntchito yanga m'mawu oti telala amve. Pakhosi pa khoswe, monganso pa munthu, pali chithokomiro. Chimatulutsa homoni imene imapatsa thupi kutentha ndi mphamvu. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kena kotchedwa pituwitari. Ka khoswe n'kochepa ngati kambewu ka mpunga. Ine ndikufufuza mmene kachiwalo kameneka kamasinthira chithokomiro chikasiya ntchito.

Makoswe ena timawathirira mankhwala m'madzi akumwa kuti chithokomiro chawo chigone. Pakatha sabata zitatu mungawamvere chisoni. Amaunjikana pakona ngati akumva kuzizira, ubweya umayoyoka, sathamanganso, ukawagwira amangokuyang'ana. Kukula amasiya, chifukwa pituwitari imaleka kupanga homoni yokulitsa thupi. M'malo mwake imatulutsa ina yambirimbiri, yotchedwa TSH, yoti ikadzutse chithokomirocho. Ndikawabaya homoni imene akusowayo, TSH imatsika, yokulitsa thupi imayambanso, ndipo pakapita masiku ochepa umawapeza akukwera mawaya. Ndimawayeza pasikelo m'mawa uliwonse n'kulemba m'buku zonse zimene ndaona.

Tsiku lija foni inalowa, mawu anu anali osasa ngati mwangodzuka kumene, chonsecho kwanu inali teni koloko. Ndi chimfine? Koma pachithunzi chimene asisi anatumiza ndaona kuti mwanenepa kumaso. Chiparamba yakukondani.

Kalata yanu yomaliza ndi ya pakati pa Meyi. Ndikudikira.

Gideon


Chiparamba
9 Julaye 2023

Atate ake Tamiwe,

Tili bwino. Chaka chino kukuzizira kwambiri. Ndikuvala juzi lanu.

Kalata yanu ndaiyamba katatu, ndimaiwala pamene ndalekezera. Mkaka wachepa, mwana tikumupatsa wam'chitini. Mayunifolomu sindinamalize.

Ndikungotopa. Ndilemba zambiri mawa.

Mwasiti


Chiparamba
20 Ogasiti 2023

Gideon mlongo wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, mwana ali bwino. Sindinafune kukusokoneza pamaphunziro, koma ndaona kuti ndikakhala chete udzandiimba mlandu.

Mkazi wako wasintha. Ndikamapita kukalasi ndimamusiya ali mtulo, ndikabwera pa buleki ndimamupeza atakhala padzuwa, mwana akulira pamphasa, matewera a dzulo ali m'beseni. Ukamufunsa kanthu amayamba wakuyang'ana, yankho n'kubwera iwe utaiwala funso. Makina achita fumbi. Makolo akubwera ku ofesi kudzandifunsa ine za nsalu zawo, pamaso pa ahedi. Zina ndabweza zosasoka. Ngakhale kudzisamalira wasiya: khungu mbuu, tsitsi lili paliponse m'bafa.

Usaganize kuti sindinayese. Ndinapita naye kukiliniki. Anamuyeza malungo, alibe. Mimba alibe. Anamupatsa mapilisi owonjezera magazi, akumwa, palibe chasintha. Munthu wodwala amaonda, uyu akunenepa.

Ine ndikuona kuti mtima wake uli ku Mwami. Sanazolowere moyo wakuno, ndipo mwina akudandaula kuti anasiya kwawo kumene kunali antchito. Ndinakuuza usanakwatire kuti kusiyana kwa zipembedzo kumaonekera chikondi chikazizira, iwe unati ndine wachikale.

Mwana ndikumusambitsa ndine, kumudyetsa ndine. Sindikudandaula, ndi magazi athu. Koma umulembere mkazi wakoyo. Mwina iwe akumvera.

Mlongo wako,
Vailet


Sapporo
3 Seputembala 2023

Amake Tamiwe,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino.

Chiyambire Juni ndakulemberani makalata asanu ndi imodzi. Mwayankha imodzi, ya mizere isanu, ndipo mawa lake lija silinafike. Foni imaonetsa kuti mwatsegula. Ndimaiyang'ana ndili m'sitima, ndili pa tebulo, ndili pakati pa ntchito.

Ngati mwandikwiyira chifukwa ndinakusiyani, nenani. Tinagwirizana tonse awiri za ulendo uno. Ngati asisi akukuvutitsani, nenaninso, ndilankhula nawo. Koma kukhala chete kumeneku kukundipweteka. Zimene asisi andilembera sindikufuna kuzikhulupirira. Mwasiti amene ndikumudziwa ine ankasoka diresi laukwati tsiku limodzi.

Lachinayi zotsatira zanga zoyamba zinatuluka bwino. Patangotha maola ochepa nditawabaya homoni ija, pituwitari inali itayamba kale kusintha. Aprofesa anandigwira chanza pamaso pa anzanga onse. Nditatuluka ndinatenga foni kuti ndiuze munthu, ndiye ndinaibwezeranso m'thumba. Ndinakadya ndekha pamalo ena pamene munthu amadya atayang'ana khoma.

Limbani mtima chifukwa cha mwana. Dzukani m'mawa, sambani, yambani ndi yunifolomu imodzi. Ulesi ukauzolowera umakula.

Gideon


Chiparamba
15 Okutobala 2023

Gideon,

Usadzidzimuke, mwana ali moyo. Koma wapsa dzanja.

Lachisanu masana ndili m'kalasi ndinamva kulira kwachilendo. Ndinathamanga. Ndinapeza Tamiwe pakhonde pafupi ndi mbaula, chikhatho chakumanja chitatupa matuza. Ukudziwa kuti wayamba kukwawa. Mayi ake anali pompo, pampando, akuyesa kudzuka ngati nkhalamba. Mbaula anaikoleza yekha kuti aziwotha. Mu Okutobala, Gideon! Ife tikusowa pothawira kutentha, iye ali mu juzi lako, akuwotha moto, n'kugona mwana ali pansi.

Kukiliniki amumanga bandeji. Akuti zala sizilumala koma chipsera chikhala.

Ndinamufunsa kuti, "Mlamu, kodi mwanayu mukumufuna kapena ayi?" Anangondiyang'ana. Ngakhale msozi sunagwe. Patapita nthawi anati, "Ndinamumva." Basi. Anamumva!

Kuyambira Lachisanulo mwana akugona kuchipinda kwanga, ndipo ndikamaphunzitsa ndikumusiya kwa akazi a ahedi. Mkazi wako sindikumulola kumunyamula popanda ine. Ndiwe mwini banja. Nena chochita.

Vailet


Sapporo
16 Okutobala 2023

Mwasiti,

Ndaona chithunzi cha dzanja la mwana wanga.

Ndakupemphani, ndakunyengererani, ndakuikirani kumbuyo kwa asisi. Kuti ine simukundifuna ndikanapirira. Koma mwana wa miyezi isanu ndi itatu walakwa chiyani? Mayi amene amamva mwana wake akupsa n'kukhala pampando, ine sindikudziwa dzina loti ndimutchule.

Mwana atsale ndi asisi. Inu pitani kwanu, kumene mtima wanu uli, mukaganize bwino ngati mukufuna kukhala mayi ndi mkazi wapabanja. Mukadzadziwa yankho mudzandilembere. Ine ndasiya kulemba.

Gideon


Chiparamba
22 Okutobala 2023

Gideon,

Ananyamuka Lachitatu. Sanakangane ndi munthu. Anatenga kachikwama kamodzi, makina anawasiya. Asanatuluke anaima nthawi yaitali pakhomo la chipinda changa mwana ali mtulo, koma sanalowe. Ndinamukweza galimoto yopita ku Chipata, ndipo ndikhulupirira pano ali kwa abambo ake.

Bala likuuma bwino. Iwe limbikira sukulu.

Vailet


Mwami
26 Novembala 2023

Alamu,

Ndine Shaban, mchimwene wake wa Mwasiti. Sitinalemberanepo. Nambala yanu ndaitenga mufoni mwake. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno sitili bwino kwenikweni.

Mwina mukuganiza kuti mlongo wanga wakhala kuno mwezi wonsewu. Ayi. Ife timadziwa kuti ali ku Chiparamba. Lolemba lapitali kunabwera mayi wina, Rosina, wa shopu yosoka ku Nabvutika m'tauni ya Chipata, amene anamuphunzitsa utelala. Anandipeza paboda ndikuthandiza dalaivala wathu mapepala. Anati, "Bwerani mudzatenge m'bale wanu, angandifere m'manja." Kuchokera tsiku limene munamuthamangitsa, Mwasiti wakhala akugona m'kachipinda kosungira nsalu kuseri kwa shopuyo. Anamuletsa Rosina kutiuza, akuti alibe nkhope yoonekera nayo kwa ababa.

Alamu, nditalowa sindinamuzindikire. Nkhope yotupa, maso ang'onoang'ono, mawu ngati a mwamuna. Kunja dzuwa likuswa mutu, iye wafunda bulangete. Ndinaganiza kuti ndi impso. Ndinamunyamula kupita naye kwa dokotala m'tauni. Dokotalayo anamugwira pakhosi, anamugogoda pabondo ndi kanyundo, n'kufunsa kuti anabereka liti. Anatenga magazi. Lachisanu tinakatenga pepala. Akuti ndi chithokomiro, chinasiya kugwira ntchito, ndipo zimachitika kwa azimayi ena akabereka. Papepalapo alemba TSH, ndipo nambala yake yapitirira 100. Dokotala akuti ya munthu wabwinobwino safika pa 5. Anatikalipira kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Mankhwala ake ndi kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse. Kamodzi basi.

Manje ali kuno kunyumba. Ababa atamuona anatseka sitolo masana, makasitomala ali pakhomo, chinthu chimene sindinachionepo. Za ukwati wanu sanatchule n'kamodzi komwe. Amakhala pampando pafupi ndi bedi lake.

Kalata yanu yomaliza ndaiwerenga. Sindiyankhapo, si yanga. Koma m'galimoto pobwera ndinamufunsa kuti kodi amuna akowo akuphunzira chiyani ku Japan. Anaganiza mpaka tinadutsa malo awiri okwerera basi, ndiye anati, "Chithokomiro cha makoswe."

Ine sukulu ndinalekezera Giredi 9, ndiye mundithandize. Kodi cha khoswe n'chosiyana kwambiri ndi cha munthu?

Shaban


Sapporo
27 Novembala 2023

Amake Tamiwe,

Muwauze alamu kuti sichisiyana kwenikweni.

Nditawerenga kalata yawo ndinatsegula makalata onse, anu ndi a asisi, n'kuwawerenga motsatana. Kuzizidwa, tulo, kuiwala, mawu osasa, tsitsi, khungu, kutupa kumaso. Zonse zilimo, ndi madeti ake. Zina ndinalemba ndine ndi dzanja langa, n'kumati mwanenepa. Zinthu zomwezi ndimazilemba m'buku m'mawa uliwonse. Wophunzira wa chaka choyamba akanaziona.

Sindikudziwa mmene ndingapepesere. Ndinali ndekha, ndinkangoganiza za kusungulumwa kwanga, ndipo kukhala chete kwanu ndinakuyesa chipongwe. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni.

Lero sindinathe kulowa kwa makoswe. Ndinapempha mnzanga andiyezere.

Ndalankhula ndi aprofesa. Atha kundilola kubwera mwezi wamawa, ndipo ngati kuli kofunika kusiyiratu, ndisiya. Ndiuzeni inu.

Chinthu chimodzi chokha mundimvere, ngakhale ndilibe pakamwa polangizira. Kapilisiko muzimwa m'mawa musanadye, ndi madzi okha. Mapilisi a magazi aja musamwere pamodzi, amakalepheretsa kulowa bwino m'thupi, muzisiyanitsa ndi maola anayi. Musasiye mukayamba kupeza bwino. Mphamvu zibwerera pang'onopang'ono.

Ndalembera asisi. Mwana ndi wanu, mukamutenge tsiku lililonse limene mungathe.

Gideon


Chiparamba
17 Disembala 2023

Gideon,

Makalata ako onse atatu ndalandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa yoyamba ija inandipweteka. Ukuti ndinakusocheretsa. Ine ndine mphunzitsi wa Giredi 4. Ndinalemba zimene ndinaona, ndipo kukiliniki ndinapita naye. Wodziwa za chithokomiro m'banja muno ndi mmodzi.

Koma ndagwada, ndapemphera, ndipo mbali yanga ndaiona. Ndinali nditamuweruza asanalowe m'nyumba muno. Akanakhala mwana wa a eleda a mumpingo ndikanati akudwala. Funso limene ndinamufunsa tsiku la moto lija limandibwerera ndikamapesa mwanayu.

Ukufunsa ngati wandilembera. Ayi. Iwenso ukuti sanakuyankhe. Tidikire.

Tamiwe ali ndi mano anayi. Akuima atagwira mpando. Sukulu tatsekera, aphunzitsi anzanga apita kwawo, ndiye tatsala awiri pabwalo lonseli. Ndikuuze zoona, mlongo wanga. Chimwalirire alamu ako a Stanley ndakhala ndekha m'nyumba muno zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Mulungu sanandipatse wanga. Miyezi iwiri iyi ndadzuka ndi munthu wondigwira kumaso. Akadzabwera mayi ake sindidzakana, ndi wake. Koma galimoto iliyonse ikamveka kumsewu mtima umandigunda.

Vailet


Chiparamba
28 Januwale 2024

Atate ake Tamiwe,

Ndikhulupirira muli bwino. Makalata anu onse ndinalandira, ndipo tsopano ndikutha kuwerenga mpaka kumapeto. Mankhwala ndikumwa monga munanenera. Anandiyezanso, nambala ija yatsika kwambiri. Nkhope yabwerera. Tsitsi likumera ngati la mwana.

Ndikufuna mudziwe mmene zinalili, chifukwa m'buku lanu simungalembedwe zimenezi. Ndinkamva zonse. Asisi akamalankhula ndinkamva, yankho ndinali nalo, koma kuti lifike pakamwa linkayenda ulendo wautali. Tsiku la mbaula ndinamva mwana akulira, ndinauza miyendo kuti dzukani, ndipo inadzuka mochedwa. Sindinadziwe kuti ndikudwala. Kukiliniki anati ndilibe kanthu, asisi anati ndi ulesi, inu munati ndi ulesi. Ndinavomera. Kalata yanu itafika sindinakwiye, ndinaona kuti mwanena zoona. N'chifukwa chake sindinalimbane ndi munthu za mwana. Kwa Rosina ndinkagona pakati pa mipukutu ya nsalu n'kumaganiza kuti Tamiwe ali bwino popanda ine. Mkwiyo wabwera tsopano, pamodzi ndi mphamvu.

Ndinabwera kuno pa 13. Anandiperekeza ndi ababa, anayendetsa okha. Asisi anatilandira pakhonde mwana ali m'manja. Ndinatambasula manja. Tamiwe anandiyang'ana, n'kubisa nkhope pakhosi pa asisi. Nditamugwira anakuwa ngati ndamutsina. Ndinaona chipsera chija koyamba chitapola.

Asisi anati, "Katundu wake ndalongedza kale, mlamu."

Ababa anati, "Tiyeni, alira panjira, pofika ku Chipata atonthola."

Ine ndinati ayi. Mwanayu anamulanda kale kamodzi kwa munthu amene ankamudziwa, sindimulandanso kachiwiri. Ndinawapempha asisi ngati chipinda chija chikadalipo. Anangogwedeza mutu movomera, n'kulowa m'nyumba mofulumira. Ababa anakhala kanthawi akuyang'ana mdzukulu wawo amene anali asanamuonepo. Anamupatsa makiyi agalimoto kuti aseweretse, iye anawaponya pansi. Anabwerera okha ku Mwami.

Ndiye ndili pano sabata ziwiri. Ndimakhala pamphasa pafupi naye osamugwira. Phala amalandira kwa ine ngati asisi ali pompo. Akatuluka amakwawira kukhomo n'kumalira, ine ndili kumbuyo kwake. Ine ndi asisi timalankhula za mwana, za mvula, za nkhuni. Zina sitinafikepo. Mwana akadzandizolowera ndidzapita naye ku Nabvutika, Rosina wandisungira malo mushopu. Asisi azidzabwera kudzamuona Loweruka.

Musabwere panopa, ndipo sukulu musasiye. Mukabwera mudzalira, ine ndidzakukhululukirani chifukwa chokumverani chisoni, ndipo sindikufuna zitero. Za banja lathu sindinaganize. Sindikunena kuti latha.

Mwalemba masamba ambiri opepesa. Ine ndili ndi funso limodzi. Kalata ija ya pa 16 Okutobala, kodi munangoilemba ndi mkwiyo n'kutumiza pompo, kapena munaiwerenganso kaye? Mundiyankhe chimenechi chokha, ndipo munene zoona.

Mwasiti


Sapporo
4 Febuluwale 2024

Amake Tamiwe,

Sabata yonse ndakhala ndikufuna kukunamizani.

Ndinailemba m'mawa. Ndinaiika m'thumba, ndinakagwira ntchito, ndinadya. Madzulo ndinaiwerenga kawiri. Ndinaona kuti kalembedwe kanga kanali kosaoneka bwino, ndiye ndinaikopera papepala lina kuti musavutike powerenga. Kenako ndinatumiza.

Ndidikira.

Gideon